Dayisi ya Kuseri kwa Thireyi

Mvula ikagwa pa fumbi la ku Kitwe, fungo lake silikhala la dothi lokha. Limasakanikirana ndi utsi wowawa kukhosi wochokera kung'anjo zosungunulira mkuwa, utsi umene tonse tinkautchula kuti senta, ndipo pamwamba pake pamabwera fungo la makala onyowa akukana kuyaka pa mbaula. Ndikalimva fungo limenelo, ngakhale ndili mu ofesi kuno ku Ndola, ndimapezeka ndakhala pansi pakhonde la kanyumba kathu ka ku Kwacha, miyendo nditapinda, madzi akutsika pamalata, pakati pathu pali dayisi imodzi yoyera yothothoka pakona. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri dzinja limenelo.

Tinasamukira ku Kwacha chaka chimene Atate anavulala. Poyamba tinkakhala m'nyumba za mgodi, ndipo ntchito ya Atate inali yolowa patsogolo pa anzawo miyala ikaphulitsidwa pansi pa nthaka. Ankanyamula chitsulo chachitali n'kumagogoda denga la mwala malo ndi malo. Mwala wolimba umalira kuti ngwee, ankatero, koma wosweka mkati umayankha ngati ng'oma yonyowa, ndipo umenewo uyenera kugwetsedwa anthu asanadutse pansi pake. Anagwira ntchitoyo kuyambira ine ndisanabadwe, mpaka tsiku limene mwala wina sunadikire kugogodwa, unagwa n'kuwatengera mwendo wamanzere kuyambira pabondo. Nyumba ya mgodi inapita pamodzi ndi ntchito. Amayi anayamba kugulitsa kapenta ndi tomato kumsika, ndipo ife ana awiri, ine ndi mchimwene wanga wamkulu Damiano, tinaphunzira kugona m'chipinda chimodzi ndi matumba a malonda.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa ulemu wachilendo. Atate anali munthu waphokoso, woseka mpaka agalu a aneba kuuwa, koma tsopano aliyense ankawalankhula motsitsa mawu ngati pali mwana wagona. Amayi ankawasankhira nthuli yabwino iwo asanatambasule n'komwe dzanja. Azimayi a kutchalitchi ankabwera atavala zitenje zofanana, kupemphera kolona, n'kutuluka akupukusa mitu. A Mulenga, oyandikana nafe nyumba, anabwera ndi bolodi yawo ya drafuti ndi zitsekerero za mabotolo, koma ankasewera ngati maso awasiya kunyumba, akudyetsa dala zitsekerero zawo chimodzichimodzi. Patangopita masiku ochepa Atate anati mutu ukuwapweteka, ndipo bolodiyo sinabwerenso. Anakhazikika pampando wa pawindo loyang'ana kukhonde, ndevu zikumera, wailesi ili pambali yosatsegula.

Amayi anali ndi lamulo limene analitenga kwa akazi anzawo a kumgodi kalekale: m'nyumba ya munthu wolowa pansi satchula za denga kugwa, ngakhale mocheza, ngakhale m'nthano. Pakamwa pamaitana, ankatero. Atate atasiya ntchito lamulolo silinathe, linangokula. Tsiku lina ndinanena kuti denga la chimbudzi litigwera, poti linali litawola ndithu, ndipo ndinalandira khofi limene linandiuza kuti si choona chilichonse chimene chimanenedwa. Phunzirolo silinalowe bwino, chifukwa ndinabadwa ndi pakamwa pothamanga ndi mutu wouma, ndipo zonse ziwiri ndikadali nazo.

Masewera athu anabwera ndi mtedza. Sukulu itatsekera, Damiano anagula mtedza wokazinga kwa mayi wina wa pasiteji ya minibasi, ndipo pepala lokulungira linali ndi chithunzi cha munthu atanyamula muuni pakhomo la phanga, pansi pake manambala ali ndandanda. Anabwerera kwa mayiyo n'kuwapeza akung'amba buku lalikulu lachizungu lopanda chikuto, limene analitola kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni. Anawapatsa makope ake akale a kusukulu, iwo n'kumupatsa bukulo. Koyambirira kwake ndi kumapeto kwake kunali kutapita kale ndi mtedza wa anthu. Ife tinangotsala ndi pakati, masamba onunkha mafuta ndi mchere.

Damiano anakhala nalo masiku angapo, milomo ikugwedera pa chizungu chovutacho, kenaka anatiitana ine ndi Mwansa, mwana wa a Mulenga. Anati awa ndi masewera opanda bolodi. Munthu mmodzi amakhala wofotokoza dziko: kuno kuli phanga, uko kuli mtsinje, mumdimamo muli chinachake chikupuma. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wa dzina lake ndi luso lake, ndipo amanena chimene munthuyo achite. Chinthu chikakhala choopsa, monga kulumpha dzenje kapena kulimbana ndi chilombo, amaponya dayisi, ndipo dayisiyo ndi imene imanena ngati zatheka. Wofotokoza uja bukulo linkamutchula ndi dzina lalitali, ife tinangomuti kapitawo. Linkafunanso madayisi achilendo a mbali zambirimbiri amene tinali tisanawaonepo, choncho Mwansa anazembetsa imodzi ya mu ludo ya kwawo, ndipo malamulo amene anapita ndi mtedza tinadzipangira tokha. Sikisi inali mwayi wonse, wani inali tsoka lonse, za pakatizo tinkakangana.

Mvula ya chaka chimenecho inali yosapumira. Misewu ya ku Kwacha inasanduka matope ofiira, ogulitsa m'mbali mwa msewu ankafunda mapulasitiki pamodzi ndi malonda awo, ndipo ana onse anatsekeredwa m'makonde ngati nkhuku. Ife sitinadandaule. Tinkajambula mapu a phanga kuseri kwa makatoni a sopo, anthu athu anali timiyala totola m'ngalande, ndipo zala zathu zinkanata ndi mango aawisi othira mchere. Mwansa anali ndi mlenje dzina lake Sokoni, wokonda golide kuposa moyo wake. Ine ndinali ndi mkazi wosula zitsulo, Tikambenji, wosaseka ndi munthu. Kutali kumsewu waukulu makondakitala ankaitanira anthu a m'tauni, koma kwa ife phokosolo linali mphepo ya m'phanga. Ukapitawo tinkasinthana ine ndi Damiano, lero iye mawa ine, ndipo nkhondo yathu inayambira pamenepo.

Ine ndikakhala kapitawo, dayisi inkagwa poyera, pasimenti, aliyense akuona. Ikanena wani, ndi wani basi. Damiano ankaimika thireyi ya Amayi ya maluwa ofiira patsogolo pake, ndipo zinthu zikafika poopsa ankaponya yekha kuseri kwake, ati osewera azikhala ndi mantha osadziwa chimene chikubwera. Nthano zake zinali zokoma, zimenezo sindikana. Ankasintha mawu kukhala a nkhalamba yosunga chitseko, a mfumukazi ya mileme, a mtsinje wolankhula, mpaka Mwansa ankaiwala kutseka pakamwa. Koma m'phanga la Damiano munthu sankafa. Ankakomoka, ankagwidwa ukapolo, ankakokoloka ndi madzi n'kukatulukira kwina, ndipo chingwe chinkapezeka nthawi zonse pamene chikufunika.

Tsiku langa lina, mlenje wa Mwansa anafuna kulumpha phompho atasenza thumba la golide. Ndinamuchenjeza kuti asiye thumbalo, anakana, anaponya, inagwa wani. Ndinati Sokoni wagwa ndipo sadzatulukanso. Mwansa anandiyang'ana, anathamangira kwawo mvula ikumukwapula, ndipo tinamumva akulira kuseri kwa mpanda. M'mawa mwake Damiano anakamutenga n'kulengeza kuti pansi pa phompholo panali dziwe.

"Panalibe dziwe," ndinatero. "Phanga lija najambula ndine."

"Iwe Lusiya, mwana wa eni walira mpaka maso kutupa. Tisewera kuti anthu azilira?"

"Manje dayisi tiponyera chani, ba Damiano, ngati siingaphe? Tingonkhala pansi muzitiuza nthano, ife tizivomera."

"Dayisi ni wanchito, si bwana. Kapitawo ayangana nkhope za anthu, osati manambala chabe."

"Ndiye kuti ni boza."

"Awe. Nthano na boza ni vosiyana."

Mkangano umenewo sunathe tsiku limenelo. Tinkaunyamula popita kumpopi, tinkaunong'ona pa Misa mpaka Amayi kutitsina, tinkaupitiriza titafunda kale. Ine ndinkati kupambana kumakoma chifukwa ukanatha kugonja, ndipo lamulo losankha nkhope si lamulo. Damiano ankati ndifunse amene wafa m'mawa kuti masana onse amachita chiyani, kupatula kukhala pakona akuonerera anzake akusangalala. Ndinkati aphunzire kusiya thumba la golide. Iye ankati anthu sabwera pakhonde pathu kudzaphunzira, sukulu ili patchuthi. Aliyense wa ife ankaona kuti mnzake akuwononga chinthu chokongola, ndipo Mwansa, amene tinkamenyanirana moyo wake, ankangofunsa ngati golide uja anagwera naye m'dziwe.

Sitinkadziwa kuti pawindo pali khutu. Masana ena ine ndili kapitawo, ndinati nthaka yagwedezeka, fumbi likutsika, ndipo patsogolo patseguka chipinda chatsopano. Damiano ndi Mwansa anati anthu awo alowa.

"Mwalowa bwanji osagogoda?"

Mawuwo anali a Atate, koma anali mawu awo akale, amene tinali tisanawamve chichokereni kuchipatala. Tinamva ndodo zikugunda simenti, chitseko chinatseguka, ndipo anaima pamwamba pathu akuyang'ana katoni yathu ya sopo ngati akuyendera ntchito ya ana oyamba kumene. Anati nthaka ikagwedezeka munthu salowa ngati akulowa m'tchalitchi. Anafunsa kuti mpweya ukuchokera mbali iti, madzi akudontha pati, ndipo ndani watsala pakhomo kuti akaitane thandizo. Anapukusa mutu, anakoka kampando, anagoneka ndodo pambali, n'kusankha mwala wakuda pa timiyala tathu.

"Lemba," anandiuza. "Dzina ni Zuze. Ali na chitsulo, ali na nyale, ali na miyendo yonse iwiri."

Masabata otsatirawo ndi amene ndimawasunga. Atate ankasewera mosathamanga, ngati munthu amene walipidwa kuti abwere ndi anthu onse amoyo. Zuze asanalowe paliponse, iwo ankatenga ndodo yawo n'kugogoda nsanamira ya khonde, khutu atalipendeketsa, n'kufunsa kuti walira bwanji. Ine ndinkaponya dayisi, kenaka n'kuyankha kuti ngwee kapena kuti phu, ndipo akamva phu nkhope yawo inkawala ngati alandira mlendo. Potuluka m'phanga ankawerenga anthu ndi chala, ndipo Sokoni akatsalira potola golide ankamukalipira m'Chibemba chonse cha kumgodi mpaka Mwansa kugwa chagada ndi phwete. M'mawa wina tinadzuka n'kupeza ameta ndevu, atavala malaya awo a Lamlungu, akutifunsa kuti shifiti iyamba nthawi yanji.

Pa masiku anga Zuze ankavutika. Wani ina inamuzimitsira nyale, anakwawa mumdima, khoswe wamkulu ngati mbuzi anamuluma paphewa, ndipo anatuluka ndi mpweya wa m'kamwa wokha. Atate anali atatuluka thukuta lenileni pamphumi. Anamenya ntchafu yawo n'kuseka kuseka kwawo kuja, mpaka galu wa a Mulenga anayankha. "Aka kamwana kalibe chifundo," anatero akundiloza, "kali monga mwala weniweni!" Ndakhala ndikuyamikiridwa pa ntchito ndi kwina, koma palibe chiyamikiro chimene chinandikoma ngati chimenecho.

Amayi ankadziwa kuti pakhonde pamachitika masewera, ndipo dayisi sankaikonda chifukwa inkawakumbutsa njuga, koma ankabwera madzulo titamaliza. Tsiku lina mvula inabalalitsa msika msanga. Anafika beseni lili pamutu, madzi akutsika m'chitenje, pa nthawi imene ine ndinkanena mokweza kuti denga lang'aluka pamwamba pa Zuze, Atate aponye, ikagwa wani kapena thuu lawagwera. Atate anaipukusa m'manja, anaiuzira mpweya, anaponya. Inagwa faifi, ndipo anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Amayi anatsitsa beseni, analowa m'nyumba, n'kundiitana ndi dzina langa lonse la ubatizo.

M'khitchini anandigwira khutu mpaka ndinaima ndi zala za kumapazi. Anandifunsa ngati mwendo umodzi sunandikwanire. Anafuna kuliponya pa mbaula bukulo, ndipo ndinaona dzanja lawo likupita komweko, koma kukhonde Atate anali akusekabe, ndipo Amayi anaima kumvetsera kusekako nthawi yaitali. Anali ataona ndevu zometa zija, nawonso. Pomaliza anagamula kuti masewera apitirire, koma kapitawo akhale Damiano yekha, chifukwa pakamwa panga panalibe mabuleki. Anamuitana nayenso, ndipo zimene anamuuza sindinazimve, ndinangoona akutuluka maso ali pansi. Atate anauzidwa kuti Lusiya wasowa wosula zitsulo wake, akufuna azisewera. Ndinapsa mtima kwambiri, koma khutu linali likadatentha, ndipo ndinatseka pakamwa.

Damiano anachita zonse zimene akanatha. Nthano zake za masiku amenewo zinali zokongola kuposa zonse: mzinda wa pansi pa nthaka wowala ndi bowa, mlatho wa mafupa, mfumu yakhungu yofuna wina aiuze mtundu wa dzuwa. Zuze anakhala ngwazi. Mivi inkamuphonya, zilombo zinkaterereka zikamulumphira, ndipo miyala inkagwa pamene wangochoka. Sokoni ndi Tikambenji ankathyoka manja ndi kutaya katundu, koma Zuze sanapalike ngakhale chala. Zuze anali khoswe wokhala pamkhate, wosapheka. Poyamba Atate ankasangalala, kenaka kuseka kunayamba kufupika. Ankagogodabe nsanamira, koma ndinaona kuti dayisi ikamagubuduka sankayang'ananso mapu. Ankayang'ana maluwa ofiira a pathireyi.

Linali tsiku lina sukulu ili pafupi kutsegulira. Mvula inali itagwa m'mamawa n'kusiya, mapiko a inswa ali mbwee pasimenti, dzuwa likutulutsa nthunzi pamalata. Damiano anatilowetsa m'chipinda chachikulu cha mfumu ija. Anati nthaka yagwedezeka, mng'alu wayenda padenga kuchoka uku kufika uko, ndipo denga lonse latsamira pa nsanamira imodzi ya mwala pakati. Tonse tinatembenukira kwa Atate kudikira ndodo. Ndodo sinanyamuke.

"Zuze waika chitsulo pansi," anatero. "Walowa osagogoda. Wankhala pansi pa mng'alu."

Mwansa anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Damiano anawayang'ana, kenaka anaponya kuseri kwa thireyi, anasuzumira, n'kunena kuti mwala wagwa pambali, Zuze wangothiridwa fumbi. Atate anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Manje watenga nyundo. Amenya nsanamira ija."

"Atate, ija ndiye igwira..."

"Nidziwa chimene igwira. Amenya."

Ngakhale ndinali mwana, ndinazindikira kuti Atate sanasiye kugogoda. Anali akuchita ntchito yawo yomwe ija, kumenya kuti amve mmene pakulirira, kungoti tsopano chimene ankagogoda tinali ife. Dayisi inagubuduka kuseri kwa thireyi n'kuima. Damiano anayamba kulankhula ndi mawu opyapyala, osakhala a nkhalamba kapena a mfumu, ake enieni. Anati nsanamira yathyoka, denga latsika, koma miyala iwiri yatsamirana pamwamba pa Zuze, pali kampata, ndipo kutsogolo kukuoneka kuwala.

Atate sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana thireyi ija nthawi yaitali, kenaka Damiano, kenaka ine, ndipo nkhope yawo inali yotopa chabe.

"Nanunso, ana anga?" anatero motsitsa. "Mwala sudziwa kuti uyu ni tate wa munthu."

Anatola ndodo zawo, anadzikoka n'kuimirira, ndipo Damiano atatambasula dzanja kuti awathandize, analikana ndi mutu. Tinamva ndodo zikugunda mpaka pampando wa pawindo. Kenaka tinamva windo likutsekedwa.

Ine ndinamva kukoma kwa wopambana mlandu. Ndinauza Damiano kuti waona, ndinanena ine, ndipo iye anangotenga ndowa n'kupita kumpopi ngakhale mgolo unali wodzaza ndi madzi a mvula. M'mawa mwake, Amayi atapita kumsika, ndinalowa kwa Atate dayisi ili m'manja. Ndinawauza kuti lero kapitawo ndine, thireyi ili m'khitchini, zonse zigwa poyera. Ndinali wotsimikiza kuti adzuka. Anandisisita kumutu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, ndipo anandifunsa kuti akafera m'manja mwanga ndidzakhala bwanji ndi Amayi m'nyumba imodzi. Anali atamvetsa zonse, ndi za m'khitchini zomwe. "Sewerani mweka, mama," anatero. "Ine nakula."

Tinayesa kusewera tokha, koma phanga linali litazizira. Palibe amene ankawerenga anthu potuluka. Sukulu inatsegulira, Mwansa anabweza dayisi mu ludo, ndipo bukulo linatha tsamba ndi tsamba poyatsira mbaula. Ndevu za Atate zinameranso. Chaka chotsatira anabwerera kumudzi ku Katete pamodzi ndi Amayi, ife tinatsala kwa amalume chifukwa cha sukulu, ndipo anakhala kumeneko zaka zingapo ali munthu wofatsa amene aliyense ankamulemekeza. Anamwalira ine ndili ku koleji. Kuseka kwawo kuja sindinakumvenso, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero kuposa mwendo, kuposa nyumba ya mgodi, kuposa zina zonse zimene tinataya.

Masewerawo sindinawasiye. Loweruka timakumana ndi anzanga kunyumba ina ku Kansenshi, tili ndi mabuku athunthu a zikuto zake ndi madayisi a mbali zambirimbiri aja, ndipo ndimadziwika kuti ndine kapitawo wouma mtima. Pa magulu a pafoni anthu ophunzira amakangana mkangano wathu womwe uja wa kumpopi, atangouveka mawu ataliatali achizungu. Ena amati dayisi ndi mfumu, ena amati nthano ndi mfumu. Anzeru pang'ono amati musanayambe, khalani pansi mufunse osewerawo kuti akufuna masewera otani, oti munthu angafe kapena ayi. Nditamva zimenezo koyamba ndinaseka, kenaka kuseka kunandithera. Kwathu tinali atatu okangana za chimene chili chabwino kwa Atate, iwo atakhala potalika mkono umodzi, ndipo palibe amene anawafunsa.

Damiano ali ndi kashopu ka zitsulo za galimoto ku Masala, ndipo imvi zayamba kumugwira m'mbali. Dzinja lapitali ndinabisala mvula m'shopu mwake, ndipo poti kutsutsa galu n'kukumba, ndinamufunsa chimene ndinali ndisanamufunsepo, kuti tsiku lija dayisi inagwa bwanji. Anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali.

"Yoyamba inali sikisi," anatero. "Sikisi yeniyeni. Tsiku lija mwala unawaphonya zoona."

"Nanga thireyi simunachotse bwanji, aone?"

"Akanafunsa za masiku ena onse."

"Yachiwiri?"

"Sin'nayangane." Anaika kansanza pansi. "Ine ninali ku chipatala na Amayi pamene anawabweretsa, Lusiya. Iwe unali kwa aneba. Manje niuze. Igwe wani, Atate akuyangana m'maso. Ukanakamba?"

"Nikanakamba," ndinayankha msanga, monga mwa nthawi zonse. Iye anangogwedeza mutu n'kutembenukira kwa kasitomala amene ankafuna mabawuti.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mkangano wathu unali ndi wopambana, ndipo wopambanayo ndinali ine. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti dayisi izigwa poyera, chifukwa yobisika imaipitsa ngakhale sikisi yoona, ndipo Atate ankangofuna malo amodzi pa dziko lonse pamene palibe wowanyamula. Koma kulimba mtima kwanga kwa nthawi ija kunali kotchipa. Ndinkatchula za denga mopepuka chifukwa ndinali ndisanaone chimene limachita kwa munthu, pamene Damiano, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali ataona, ndipo tinamupatsa iye yekha ntchito yosankha pakati pa kunamiza bambo ake ndi kuwagwetsera mwala kachiwiri. Pobwerera madzulo amenewo, mu minibasi yodzaza yonunkha majekete onyowa, ndinatsamira pawindo n'kuyesa kunena chamumtima mawu amene ndinalonjeza kuti ndikananena, akuti Atate, denga lagwa ndipo Zuze wafa. Panalibe wondimva, panalibe wondigwira khutu, ndipo mwini wake anagona kale ku Katete. Ndinafika pa mawu akuti Atate, ndipo ndinaima pomwepo.